Masilipasi a Kunyumba ya Mafumu

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino, ndipo bondo lija lasiya kukuvutani. Kodi mchimwene wanga Octav akukuthandizani kuthyola mphesa, kapena akungoyendayenda? Ine kuno ndili bwino, thupi lokha.

Munalemba kuti mudzi wonse ukudziwa zoti mwana wanu akugwira ntchito kunyumba yakale ya mafumu. Lekani ndikuuzeni ntchito yake. Ndimaima pakhomo tsiku lonse, kugawira alendo masilipasi ansalu oti avale pamwamba pa nsapato, kuti asakande matabwa apansi. Akatuluka ndimatolera, kukutumula fumbi, kusanja awiriawiri. Zaka zinayi ndikuphunzira za dothi ndi mbewu, lero luso langa ndi kudziwa phazi la munthu pongoliyang'ana.

Nyumbayo ndi yozizira ngati manda. Mipando yosakhalidwa, mbale zosadyeramo, mitu ya agwape pakhoma. Anthu amaima pamzere kudzaona bedi lomwe wina anagonapo zaka zana zapitazo, akunong'onezana ngati mwiniwake angadzuke.

Munda wa panyumbapa ndiye ukundiwawa. Maluwa akufa, mizu ikuwola chifukwa ngalande zinatsekeka kalekale. Ndinajambula mapulani okonzera, n'kupita nawo kwa oyang'anira pano, bambo Vlaicu. Anawagwira chozondotsa, n'kunena kuti mundawu inayala ndi mfumukazi, ndiye khasu la mwana wadzulo silingakumbe pomwe iyo inaponda. Madala Ghiță olima m'mundamo anandiseka, amvekere ndisadandaule kamtsikana ka sukulu, nawonso anabweretsa maganizo otero tsitsi lisanachite imvi.

Lachiwiri kunabwera mdzukulu wina wa mafumuwo kuchokera kunja. Anayamba wazungulira m'munda, nsapato zili matope okhaokha. Pakhomo ndinamupatsa masilipasi monga ndichitira ndi aliyense. Bambo Vlaicu anandilanda, maso ali psuu, kuti magazi achifumu savala zimenezo. Munthuyo anadutsa zipinda zonse, matope ali mbwee, iwo akuwerama pambuyo pake. Wokolopa ndinali ine. Ndipo matopewo, Amayi, ndi omwe aja a ngalande zimene anandikaniza kukonza.

Ku Cluj kuli kampani yobzala mitengo m'misewu ya mzinda. Andiitana pa 20 mwezi uno, koma akufuna satifiketi yanga yeniyeni ya kusukulu, osati kope. Pempho langa ndi lomweli: ichotseni pakhoma paja, muitulutse m'galasi, mumpatse Octav aitumize Lolemba. Ndikudziwa mumaionetsa aliyense wolowa m'nyumba. Ndikudziwanso mukuchita manyazi ndi a Tudose, poti ndiwo anandiimira paubatizo, ndiwonso anandipezera malo ano. Ndidzawathokoza ndekha pa Khirisimasi. Koma paja zengerezu analinda kwawukwawu. Mukachedwa malowo atenga wina, ine ndidzachita imvi ngati a Ghiță, silipasi lili m'manja.

Munkatiuza kuti agogo anu ankakolopa chogwada m'nyumba ya bwana wina chifukwa analibe kolowera. Inu munagulitsa ng'ombe kuti ine ndisadzagwade. Lachiwiri lija ndinagwada.

Mupereke moni kwa azakhali a Profira ndi amalume a Costache. Octav mumuuze asalipinde pepalalo.

Msomali wa satifiketi uja usakhale wokha. M'kalatamu ndaikamo chithunzi cha nyumba ya mafumuyi, mupachike chimenecho. Kwa woonera patali ndi yokongola ndithu.

Ine mwana wanu,
Smaranda