Nyimbo ya Nkhosa Yokana Mwana

Amayi, kaya mwadzuka bwanji kumeneko?

Ine kuno kutsidya kwa nyanja, ku Hyattsville, mtima sukukhala m'malo. Kumudzi achimwene akuti mtedza wachita bwino koma mbuzi ziwiri zinafa. Alamu anabereka mwana wamkazi, amupatsa dzina lanu.

Mwana wanga Tadala ndinabwera naye titangokuikani m'manda. Miyezi isanu tsopano sananditchulepo kuti amayi, amangoti "inu". Sindimudzudzula. Ndinamusiya m'manja mwanu akuyamwa, ndakamutenga ali ndi zaka khumi ndi zitatu. Paja munkati mbuzi imatsata dzanja limene limaipatsa mchere. Akadzitsekera kuchipinda, ine ndimangozungulira m'nyumba, kutsekula firiji, kutseka, osadziwa chimene ndikufuna.

Ntchito yanga tsopano ndi yosamalira bambo ena okalamba ochokera ku Tuva, kufupi ndi Mongolia. Amakhala ndi mwana wawo wamkazi amene amagwira ntchito ku Foggy Bottom. Bambowo Chingerezi sadziwa. Tsiku loyamba ndikuwasambitsa, ndinamva pakhosi pawo pakulira. Ndinayesa atsamwidwa, ndinathamangira foni. Kani ankaimba! Mawu awiri pakhosi limodzi, Amayi, ena pansi ngati chigayo, ena pamwamba ngati mluzu.

Mwana wawo anandiuza kuti kwawo ankaweta nkhosa ndi akavalo, kumasamuka ndi hema kutsata msipu. Kutchire kopanda wocheza naye ankatsanzira mphepo ndi mitsinje. Nkhosa ikakana mwana wake, ankaigwadira pambali n'kumaiimbira mpaka ilole kuyamwitsa.

Ndinati, "Tawafunsani, zimatenga masiku angati?"

Agogowo anaseka, mwana wawo n'kumasulira: "Akuti suwerenga. Umangoimba."

M'sitima pobwerera ndinakanika kukhala pansi, mipando ilipo. Loweruka ndinamupempha Tadala kuti ndimuluke tsitsi. Analola monyinyirika. Ndili pakati, ndinayamba kuimba chapansipansi nyimbo yanu yoitanira mbuzi kukhola. Anatembenuka n'kundiyang'ana. Kenaka anati, "Mukulakwitsa. Agogo sankaimba choncho."

Anaiimba yekha mpaka kumapeto, kukoka mawu monga munkakokera inuyo, misozi ikugwera pamaondo. Atamaliza anati, "Bwerezani." Ndinalakwitsanso katatu konse.

Mpaka lero sananditchule amayi, ndipo sindikudziwa ngati adzatero. Koma dzulo anabwera yekha ndi chipeso, n'kukhala pansi pamiyendo panga.

Ndimakukondani, Amayi. Ndikulonjeza kuti tidzabwera awiri kudzalambula pamanda panu, mudzamve nokha ngati ndaiphunzira.

Ndine mwana wanu,
Enelesi