Ngolo ya Matayala Angati?

Lolemba, 10 Malichi

Ndaponya uthenga m'magulu onse a WhatsApp: tikufuna anthu odzipereka, tipange ngolo yogulira zinthu pa intaneti. Pulogalamu ya pafoni yaulere, aliyense kutenga, kusintha mmene afunira. Malipiro palibe. Bambo Enerst andibwereka kachipinda kuseli kwa shopu yawo ku Biwi, ndi wayifayi yomwe. Koma akuti mwezi ukatha ndikadali ndekha, alowetsamo wometa. Ndekhanso sindingathe.

Lachitatu, 12 Malichi

Oyankha mbwee! Funso limodzi: "Alawansi ilipo, Kettie?" Ndikati ayi, zii. Anthu a mu Lilongwe inu, mudzafa ndi ma alawansi.

Loweruka, 15 Malichi

Tsiku lokumana. Munthu mmodzi yekha: Bambo Bwanali a ku Kawale, owotcherera zitsulo. Makina awo panjinga, magalasi akuda pachipumi. Amvekere, "Mwananga, ngoloyo ikhale ya matayala angati?" Ndaseka mpaka nthiti kuwawa. Atatembenuka ndinagwetsa misozi yeniyeni. Ndawafotokozera kuti ngoloyi ndi ya pafoni chabe. Akuti iwo anadzipereka kale, sabweza mawu.

Lachiwiri, 18 Malichi

Mayo ine, Bambo Bwanali aipangadi ngoloyo! Zitsulo za bedi lakale, matayala a wilibala, pambali alemba ndi penti INTANETI. Aiimika pakhomo penipeni. Odutsa kumangojambula. Manyazi ake!

Lachinayi, 20 Malichi

Chithunzi chazungulira magulu omwe aja. Aubrey, yemwe ndinaphunzira naye zamakompyuta, walemba kuti Kettie watulutsa pulogalamu yofuna girisi. Chitsiru. Koma ndaseka, sindinama.

Loweruka, 29 Malichi

Aubrey anabwera sabata yatha kudzaiona ngoloyo ndi maso. Anakhala pansi kuti angondionetsa pamene ndalakwitsa, sanadzukenso. Wakoka Karima wa ku Eriya 25, Karima wakoka anzake awiri. Lero malaputopu pamiyendo, mipando yosakwana, wina wakhala m'ngolo momwemo. Alawansi palibe waitchula. Pa mayina a opanga pulogalamu, loyamba ndalemba la Bambo Bwanali.

Masana Bambo Enerst anafika ndi wometa uja kudzamuonetsa chipinda. Munthu anasuzumira, kusowa popondera. Bambo Enerst anangomuuza kuti akayesere ku Mchesi.

Mtima wanga myaa! Ndikanalemba zambiri, koma Karima akukuwa kuti ngolo ya pafoni ija ikuwerengera tomato kawiri, ndiye...