Mazira a Madamu

Lolemba, 2 Juni 2025, Kanyama

Kumbu, mdzukulu wanga wa ku yunivesite, watenga mazira khumi ndi awiri a Madamu. Madamu ndi thadzi langa la kameta, lopanda nthenga pakhosi, lotsala lokha mwa nkhuku zomwe malemu mkazi wanga Maud anabwera nazo kuchokera ku Katete. Akuti, "Agogo, tifuna chabe kuona mwamene kamwana kamakulira mukati." Ndamupatsa. Ndati anapiyewo akabwera ndi madigiri asamandilankhule Chizungu.

Loweruka, 7 Juni

Wabwera kudzandichapira. Ndamufunsa zomwe akuona. Akuti m'dzira muli malamulo onse omangira nkhuku, ndipo pali amithenga onyamula malamulowo. Ndiye pali tinthu tating'ono, timaikro-RNA, totseka amithenga ena pakamwa: iwe chete, pano ndi pakhosi, nthiti sizimera pano. Ndati kameneko ndikukadziwa, ndinakakwatira. Maud ankandilekeza m'khwapa, koma ndikayamba nthabwala pamaliro, diso limodzi basi, ine zii. Kumbu waseka mpaka sopo m'maso.

Lachinayi, 12 Juni

Chitopa. Nkhuku za aneba anga ba Whyson zonse zatha, lero Madamu. Ndamukwirira kuseri kwa bafa. Mtima sunasweke kwambiri, mazira alipo. Ndawazamo phulusa m'khola, ndamata pomwe pamalowa khoswe.

Lolemba, 16 Juni

Ndaimbira Kumbu foni kufunsa tsiku loswa. Akuti amaboola kazenera pachigoba, amabaya mankhwala oletsa tinthu tija, pakapita masiku amatulutsa kamwanako kuti aone mafupa. Sikaswa. "Agogo, nenze niganiza munamvela."

Kuona chabe! Kwathu kuona dzira ndi kuliloza ku dzuwa, nkulibwezera kwa make. Kumbu ankadziwa kuti ndi nkhuku za agogo ake aakazi. Ankazithamangitsa yekha ali wosavala.

Akuti tiana tina tamera kanthiti pakhosi, aprofesa akondwa. Akondwe. Khosi la nkhuku za Maud.

Lachisanu, 20 Juni

Foni ya Kumbu kanayi. Sindinayankhe. Ba Whyson akuti ndikudwala, sabata yathunthu sindinaseke chipewa chawo. Chakudya cha anapiye chili pakona, chosatsegula. Ndinachigula ngati chitsiru.

Lachitatu, 25 Juni

Kumbu pakhomo, maso ofiira, katoni yoboolaboola m'manja. Akuti mazira ena samawabaya, amawasiya dala kuti afananitse ndi obayidwawo. Nawonso amawatsegula. Awiri anawapempha mogwada kwa aprofesa. Limodzi linasukusa. Linalo laswa dzulo.

Khumi ndi limodzi apita. Sindinamupatse mpando. Mawu ndinali nditawanola sabata yonse, za masukulu ophunzitsa ana kunamiza okalamba, za kumanda kwa agogo ake komwe sanapiteko chaka chino. Ndatsegula pakamwa. Iye watsegula katoni.

Kamwanapiye, kakhosi kopanda ubweya. Katukula mutu, kandiponyera diso limodzi.

Ine zii.