Nsapato za Malemu Amayi

Shubra, Cairo
14 Malichi 1998

Okondedwa achimwene Medhat,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana kumeneko ku Kuwait. Kuno tili moyo, Mulungu akutisunga. Mankhwala a maso a Bambo aja tinalandira, ngakhale munthu amene munamupatsira anakhala nawo masabata awiri, ndipo botolo lake ndinaliona ngati lotsegulidwa kale. Mwina ndi maso angawa. Masiku ano chilichonse ndikumachiyang'ana kawiri.

Pepala la kwa loya lija, limene ndinakutumizirani kuti musaine, lafika. Koma silinafikire m'manja mwanga, ndipo njira imene landipezera ndiyo yandikhazika pansi kulemba kalatayi. Muwerenge mpaka kumapeto musanandiyankhe, chifukwa ndili ndi funso limene ndikufuna muliyankhe mosazungulira.

Mukukumbukira zimene ndinakulemberani. Kwa miyezi inayi tsopano, Lachinayi lililonse Bambo amadzuka m'mamawa, kumeta ndevu, kuvala suti yotuwa ija anavala pa ukwati wanu, kudzithira mafuta onunkhira mpaka mphaka kuyetsemula, kenako n'kutuluka osanena kumene akupita. Ukawafunsa amangoti akukawongola miyendo. Miyendo yanji yofuna suti? Amake Ragab, aja okhala pansi pathu, amene mukudziwa kuti zenera lawo silitsekedwa, anandiuza kuti anawaona akukwera basi atanyamula kabokosi ka makeke a basibusa komangidwa ndi kachingwe kofiira. Anandiseka, amvekere, "Mwanawe, konzeka kuphikira mayi watsopano. Tambala akayamba kukonza nthenga, dziwa kuti msoti uli pafupi."

Ine sindinaseke. Ndili ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, ndipo amuna awiri ondifunsira ndinawabweza chifukwa chodwazika Amayi, inu muli kutali. Nyumba ino lendi yake ili m'dzina la Bambo. Akalowa mkazi wina, ine ndisanduka mlendo m'khitchini momwe ndakalambira, ndipo tsiku limene Bambo adzatisiye ndidzapezeka pamsewu ndi chikwama m'manja. N'chifukwa chake ndinapita kwa loya uja, amene anati ana awiri akasaina kuti mutu wa bambo wawo sukuyendanso bwino, khoti likhoza kuwaletsa kumanga ukwati kapena kusaina chilichonse paokha. Pokunyengererani ndinakuuzani kuti amaiwala ketulo pamoto. Lero ndivomere kuti ketuloyo anaiwala kamodzi kokha, pamene ine ndinaiwala kawiri mwezi womwewo.

Loyayo anafunanso umboni wa kumene amapita, choncho dzana ndinawatsatira. Ndinabwereka kwa amake Ragab mkanjo wakuda ndi nsalu yophimba nkhope, ija yosiya maso okha. Nditavala ndinadziyang'ana pagalasi, n'kuona kuti nsapato zanga zofiirira zindiulula, poti Bambo amaziona pakhomo tsiku ndi tsiku. Ndinatsegula kabati n'kutulutsa nsapato zakuda za malemu Amayi, zimene zakhala m'bokosi zaka ziwiri osakhudzidwa. Zinkandithina pang'ono, koma ndinadziona wochenjera kwambiri.

Iwo anakwera basi khomo lakutsogolo, ine lakumbuyo. Titawoloka mtsinje anatsikira pa nyumba yachifumu ija ankagwirako ntchito ali mnyamata, imene boma linaisandutsa malo oonetsera zithunzi zojambula pamanja. Mukudziwa kuti chikulire chathu sanatitengereko ngakhale kamodzi, tikawapempha ankati kulibe choona koma fumbi. Tsono munthu amene wakhala akuzemba malo kwa zaka makumi anayi, wayamba bwanji kuwakonda? Pachipata mlonda anaimirira n'kuwapatsa moni ngati mbale wake, za tikiti osawafunsa n'komwe. Ine ndinagula yanga n'kuwatsatira.

Holo yaikulu ya m'nyumbamo pansi pake ndi pa matabwa osema a nthawi ya kalonga, ndiye aliyense wolowa amavekedwa timatumba ta nsalu pamwamba pa nsapato. Pakhomopo, pambali pa dengu la timatumbato, panakhala mayi wachikulire, wonenepa, wa mpango wobiriwira, atavala ndolo zagolide zimene sindikhulupirira kuti anagula ndi malipiro a ntchito imeneyo. Bambo anamupatsa kabokosi kaja, iye n'kukaika pansi pa mpando osakatsegula, ngati munthu wozolowera kulandira. Mumtima ndinati, lero ndakugwira.

Zimene zinatsatira sindinaziyembekezere. Bambo anavula jekete, kulipachika pampando wa mayiyo, n'kugwada pansi. Panafika ana asukulu mzere wautali ndi aphunzitsi awo, ndipo Bambo athu, amene tinakula tikuuza anzathu kuti anali mlembi wa kalonga, anayamba kuveka timatumba m'mapazi mwa ana a eni, mmodzimmodzi, mutu uli chiweramire. Manja awo ankathamanga kuposa a telala. Ndinapsa mtima. Ndinati kodi mayiyu wawadyetsa chiyani bambo anga, kuti azimugwirira ntchito iye ali khale pampando?

Ndinafuna kubwerera, koma kumbuyo kwanga kunali kutadzaza anthu, ndipo mzerewo unandikankha mpaka ndinapezeka nditaima patsogolo pawo. Ndinatambasula phazi. Bambo anagwira nsapato ija, manja awo n'kuima. Mutu sanadzutse. Anaisisita pamwamba ndi chala chachikulu monga mmene munthu amachotsera fumbi, kenako anamanga timatumba tiwiri tija, kakumanzere anakamanga mosathina. Ndinalowa m'holo muja.

Za zithunzizo musandifunse zambiri. Akalonga a ndevu zopota, akazi awo atakhala chowongoka ngati ameza ndodo, mbale za zipatso, ngalawa pamtsinje. Onsewo maso awo ankanditsata ngati akudziwa kuti ndalowa ndi zovala zobwereka. Mlonda wa m'chipindamo naye ankangondizungulira, mwina poganiza kuti ndabisa kanthu mumkanjo. Ndinakaima pa chithunzi chachikulu chakumapeto, chosonyeza alendo akulowa pakhomo lomwe lija tsiku la phwando. Pakona yake m'munsi anajambulapo mzere wa nsapato, ndi mnyamata wa mkanjo woyera atanjuta, nkhope atayang'ana pansi.

"Nkhope wabisa bwino, Sawsan," anatero Bambo kumbuyo kwanga, motsitsa mawu. "Koma nsapato za amako? Ndazipukuta zaka makumi awiri zimenezi, chidendene chakumanja ndinachikhoma ndekha katatu. Zikukufinya chala chakumanzere, eti?"

Ndinasowa pothawira. Anandikhazika pa benchi n'kundilozera mnyamata wa pachithunzi uja, n'kunena kuti ndi iwowo. Ulembi sanaugwirepo ngakhale tsiku limodzi. Kalonga sankalola nsapato pa makapeti ake, ndiye ntchito yawo kwa zaka zisanu ndi ziwiri inali yolandira nsapato za alendo pakhomo, kuzipukuta, ndi kubwezera aliyense zake potuluka osasokoneza. Wantchito ngati iwo sankaloledwa kuyang'ana mlendo kumaso, choncho akuluakulu onse a masiku amenewo anawadziwira kumapazi. Za ulembizo anapeka ndi Amayi kuti tisamasekedwe kusukulu, ndipo pamene apongozi anu anabwera kudzafufuza za banja lathu, bodza lomwelo ndi limene linakupatsani mkazi. Zimenezi musawauze alamu.

Mayi wa ndolo uja dzina lake ndi Ehsan, ankachapa zovala m'nyumbamo nthawi imeneyo. Bambo anakumana naye pa basi chaka chatha. Mawondo anamuthera, ndipo akuluakulu a pamalopo akadziwa kuti sangathenso kugwada, ntchito imuthera. Lachinayi ndi tsiku limene masukulu amabwera, ndiye Bambo amakagwada m'malo mwake, alonda n'kumayang'ana kumbali.

Nkhani yokoma ndithu, koma ine si mwana. Ndinawafunsa ngati basibusa ndi mafuta onunkhira zilinso mankhwala a mawondo. Anaseka pang'ono, n'kuvomera kuti anamufunsira kawiri ndipo iye wakana kawiri, akuti sangalowe m'nyumba muli mwana wamkazi amene sanamuitane ndi pakamwa pake. Kaya ndi ulemu, kaya ndi nzeru za munthu wodziwa kudikira, ine sindikudziwa. Ndikungodziwa kuti mawu amenewo anandisenzetsa katundu amene sindinamupemphe.

Kenako anapisa dzanja m'thumba la malaya n'kutulutsa envulopu yopindika, ya sitampa ya ku Kuwait. M'katimo munali pepala lija, dzina langa m'munsi, lanu pambali pake. Akhala akuyenda nalo masabata atatu, akudya zimene ndimawaphikira, akundithokoza, osanena kanthu.

"Ili ndi lako, mwana wanga," anatero. "Ukapereke kwa loya wako. Ndingopempha chimodzi. Madokotala akamabwera kudzandiyeza mutu, asabwere Lachinayi. Tsiku limenelo Ehsan alibe wina."

Atatero anaimirira n'kubwerera pakhomo paja kukagwada, poti kunali kutafika ana a sukulu ina.

Achimwene, ndinalira mkati mwa nsalu ya amake Ragab mpaka inandimatirira kumaso. Manyazi otere sindinawamvepo. Bola akanandikalipira pamaso pa anthu onse aja, bola akananditukwana, mwina ndikanapeza choyankha. Potuluka ndinavula ndekha timatumba tija n'kutiponya m'dengu. Mayi Ehsan anatulutsa kabokosi kaja, anadula chidutswa cha basibusa n'kundipatsa pa kapepala, n'kunena kuti, "Idya mwana wanga, kulira kumatha mphamvu." Anadziwa bwanji kuti ndalira, nkhope ili yophimba? Ndinalandira, koma sindinadye. Ndinapatsa mphaka, ndipo mpaka pano ali bwinobwino.

Za nyumba Bambo sanatchule, nane sindinafunse, ndipo mantha anga sanathe. Ndimayang'anabe makomawa ngati ndikutsanzikana nawo. Koma pepala lija kwa loya silipita. Dzulo, Bambo atapita ku mzikiti, ndinalitentha pa chitofu. Atabwera ananunkhiza m'mwamba, anayang'ana phulusa limene linatsala, n'kundifunsa ngati ndaiwalanso ketulo pamoto. Kenako anangokhala pansi n'kupempha tiyi.

Tsopano funso langa ndi ili. Pa envulopu ija munalemba dzina la Bambo, osati langa. Ndi dzanja lanu, ndimalidziwa. Ndinakuuzani momveka bwino kuti mutumize kudzera kwa amake Ragab, ndipo inu si munthu woiwala zinthu zotere. Kodi munalakwitsa, kapena munachita dala? Ngati munafuna kuti Bambo adziwe, munasainiranji? Ngati munali mbali yanga, munawatumiziranji? Kapena munafuna kuti mukomere onse, ine ndione dzina lanu, iwo aone envulopu yanu? Mapanga awiri avumbwitsa, achimwene. Ine mlandu wanga ndauvomera, nanu muvomere wanu.

Lachinayi likubwerali ndipita nawo, nkhope poyera, nsapato zanga zofiirira. Mawondo a Bambo nawo si a mnyamata, ndinamva mawondowo akulira pamene ankadzuka pa benchi paja, ndiye wokagwada ndikhala ine. Musaganize kuti ndafewa. Pamenepo ndi poonera bwino mayi uja, ndipo Bambo akuti munthu akhoza kunama ndi pakamwa ndi maso, koma mapazi saphunzira bodza. Ndikamuyang'anitsitsa masabata angapo, ndidzadziwa ngati n'kumuitana kudzadya nafe.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Amake Ragab akupereka moni, ndipo akufuna kudziwa chimene chinanyowetsa nsalu yawo, koma sindinawauze. Bambo ali pafupi pano akupukuta nsapato za Amayi asanazibwezere m'bokosi, ndipo adziwa kuti ndikulembera inu. Ndawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikuuzeni pa za pepala lija. Ati alibe. Ati ndingokupatsani moni, ndi kukufunsani ngati mukudyabe chidendene cha nsapato yakumanja poyenda, monga munkachitira muli mwana. Ati mukamabwera mu Julayi mubweretse nsapato zanu zonse, adzakukhomerani okha.

Ine mlongo wanu,
Sawsan