Chipolopolo Chotsalira M'khosi

Insaca, 1985

Amalume a Bwanausi,

Salamu aleikum. Kuno tadzuka, kaya inu ku Liwondeko. Mvula sinagwe, ndipo njira ya ku Entre Lagos ikadali yoopsa.

Ine ndatopa nawo alamu anu, bambo angawa. Chilandirireni mfuti ya umilisiya, bambo aisandutsa ndodo, mpaka kupachikapo nsomba. Ndikanena, akuti, "Iwe ndi dipuloma yakoyo! Ndinamenyana ndi Apwitikizi usanamere mano. Ndikachotsa karegadori, kabokosi ka zipolopoloka, chatsala n'chitsulo chabe." Ndasasa mawu kuwauza kuti chipolopolo chimodzi chimatsalira m'khosi mwa mfuti. Dziko latsopanoli tilimanga bwanji ndi anthu osamva chonchi?

Lachisanu, ponyamuka kupita kumzikiti kukapemphera Juma, anaitsamiritsa pakhoma. Inatsetsereka, n'kulira. Mtsuko umene mlongo wanga Mastura anasenza unasweka pamutu pake. Bambo akuti mfutiyo ndiyo yakalamba. Ndipo ikugonabe pakhoma pomwepo.

Amalume, amamvera inu nokha. Alembereni msanga, koma musatchule dzina langa.

Mtsuko tagula wina. Za Mastura tidzakamba mukabwera. Wayamba kudya pang'ono.

Mwana wa mlongo wanu,
Fadili