Batani la Khumi ndi Chiwiri

Lolemba, 3 Juni

Ndatsegula shopu lero, koyamba chiwaikireni ababa m'manda. Patha masabata atatu. Fungo ndi lomwe lija, mafuta a makina ndi fumbi la mkuwa. Jekete lawo lili pa msomali, mikono ili chipindikire ngati muli munthu. Sindinalikhudze.

Pa tebulo pali chisoti chija, cha anthu oyenda m'mlengalenga a mu filimu yakale. Anaitanitsa ndi a Magalasi, kasitomala wathu, kuti akaike m'kabati pamodzi ndi zidole zawo zina. Munthu wamkulu wa imvi zake. Koma ndisachite mwano, anthu oterewa ndi amene atidyetsa zaka zonsezi. M'khosi mwa chisoticho mumafunika mabatani a mkuwa khumi ndi awiri. Ababa anapanga khumi ndi limodzi. Bowo lomaliza langoti yasaa.

Achimwene akuti makina osemera zitsulo agulitsidwe, ati ine ndinkangopatsira zida. Tapangana chonchi: a Magalasi akachilandira chisoti Loweruka, shopu ikhala. Akachikana, wogula makina alipo kale.

Lachiwiri, 4 Juni

Batani ndapanga. Maola awiri basi, muyeso ndendende, kuwala ngati kalilole. Ndinadzitama mumtima. Koma nditaliika pambali pa anzake, ayi ndithu, ngati munthu wobwera pamaliro atavala zaukwati. Mabatani a ababa ali ndi tizipsera ta tupa m'mphepete.

Ndinaimbira a Magalasi kuti mwina ndingowasalaza onse. Anatsala pang'ono kutulukira mu foni. "Usayerekeze. Mu filimu mulibe zipserazo, koma bambo ako atanditumizira zithunzi ndinagoma. Chikuoneka ngati chinapitadi kumwezi n'kubwerako. Lakolo lifanane nawo."

Chabwino. Kuwononga chinthu kungavute?

Lachitatu, 5 Juni

Kumavuta. Ndataya mabatani atatu. Zipsera zanga n'zabodza, zimachita kuima pamzere ngati ana a sukulu.

Masana ndili pampopi panja kusamba m'manja, ndinamva tupa ikulira m'shopu. Khwe, khwe, kenaka zii, kenaka khwe. Ndinalowa manja akudontha madzi. Munalibe munthu, tupa ili pomwe ndinaisiya. Pagalasi la chisoti panangooneka nkhope yanga itatalika moipa. Ndachitembenuzira kukhoma.

Amayi sindinawauze. Chimwalirireni ababa sanapondemo m'shopu, amazungulira kuseri popita kokayanika zovala, chikhalirecho khomo la khitchini ndi la shopu n'zoyang'anizana.

Lachinayi, 6 Juni

Ndinadzuka ndi funso. Ababa akafuna kukalambitsa mkuwa ankauviika mu viniga ndi mchere. Tupa ayi. Ankati tupa ndi yokonzera, wowononga nayo chitsulo ndi mfiti. Nanga zipserazi?

Batani lililonse ankalidinda nambala kunsi kwake. Ndinawamasula onse n'kuwandanda pa tebulo. Loyamba mpaka lachinayi, see, osalala. Pa batani lachisanu, tupa inaterereka kamodzi. Lachisanu ndi chitatu, kanayi. La khumi ndi limodzi ngati latafunidwa ndi khoswe, ndipo nambala yake inadindidwa kawiri chifukwa chodindira chinalumpha.

Sanali kukongoletsa. Dzanja lawo linkanjenjemera.

Ndinakhala pansi, pasimenti penipeni. Zonse zinabwera. Kapu ya tiyi kuigwira ndi manja awiri. Timasikuluwu ting'onoting'ono kundipatsa ine, ati "manga ndiwe, uphunzire." Ine n'kumawaseka, "Ababa, mwayamba ulesi, ndikuchotsani ntchito." Iwo n'kumaseka nawo, dzanja lamanja lili m'thumba la jekete.

Miyezi isanu ndi umodzi ndinkakhala mapazi awiri kuchoka pomwe ankakhala iwo. Ine wodzitama kuti diso langa limaona cholakwika chochepa ngati tsitsi pachitsulo. Bambo anga sindinawaone. Ndikudzida, ndilembe momwemo.

Tupa ija yaliranso chakumadzulo, ndikutseka chitseko. Sindinatembenuke.

Lachisanu, 7 Juni

Achimwene anabwera ndi tepi kudzayeza khomo, kuti aone ngati makina angatulukire. Ati "sikuti ndikukukayikira, mlongo." Ndinawagwirira tepiyo mbali inayo.

Batani langa lachisanu lapitanso m'zinyalala. Mkuwa watsala wa limodzi.

Loweruka, 8 Juni

A Magalasi akubwera 2 koloko. Ndikulemba ndikudikira.

M'mawa ndinasema lomaliza, n'kulipana pa vaisi, chopanira zitsulo chija. Ndinayang'ana tupa nthawi yaitali. Dzanja langa lamanja ndi lomvera kwambiri, silidziwa kuphonya. Ndiye ndinagwira ndi lamanzere, lija sinditha nalo ngakhale kutsuka mano, n'kuyesetsa ndi mtima wonse kuti ndisalaze bwino. Osati kuwononga, kusalaza. Chinsinsi chinali pamenepo: ababa ankalimbana kuti likhale bwino, dzanja n'kumakana.

Tupa inaterereka. Ndinaima, n'kupuma, n'kuyambanso. Khwe, khwe, zii, khwe. Tsitsi linandiima. Kulira kwake kunali komwe kuja kwa Lachitatu.

Kenaka chitseko chinatsekuka. Amayi, atanyamula kapu ya ababa, ija yothyoka chogwirira, tiyi akufuka nthunzi. Anayang'ana pampando wa ababa kaye, kenaka ine. Nkhope yawo sindidzaiiwala.

"Ndimayesa..." Sanamalize.

"Amayi, munkadziwa?"

"Ndinkamvera kukhitchini. Tupa ya bambo ako ndaimva zaka makumi atatu, ikanasintha ine osadziwa? Anandilumbiritsa kuti ndisakuuze. Ankati ukadziwa uwalanda tupa, uziwagwirira ntchito, iwo azingokhala ngati katundu."

Ndikanawalandadi. Tsiku lomwelo.

Ndinafuna kuika tupa pansi kuti ndiwagwire, koma anapukusa mutu. Anaika kapu paja ababa ankaiika, pambali pa vaisi. Anachotsa jekete pa msomali, n'kulifunda, n'kukhala pampando wawo uja, maso atatseka.

"Usasiye, mwananga," anatero. "Ndimveko pang'ono."

Batani linali litakwana kale, lofanana ndi anzake. Ndinapana kachidutswa kena ka m'zinyalala, n'kupitiriza.