Kansalu Katuluka Kakuda

Misuku, Chitipa
9 Ogasiti 1996

Okondedwa achemwali Dinah,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi alamu. Nanga mayi mwendo uja ukuwalola kuyenda? Ife m'thupi tili bwino, koma mtima wanga suli m'malo.

Mukudziwa kuti ndimalondera nyumba yosungiramo khofi, ndipo Loweruka lililonse abwana amandipatsa mfuti yawo kuti nditsuke. Ndimanyowetsa kansalu ndi mankhwala a m'kabotolo amene amagula ku Tanzania, onunkha mpaka kuwawa m'maso, n'kukakankhira mumpope wa mfutiyo ndi kachitsulo kakatali. Mfutiyo chaka chino sinalirepo, choncho kansalu kamatuluka koyera.

Loweruka lapitali kanatuluka kakuda bii. Nditanunkhiza mumpope ndinamva fungo la wonga.

Abwana ali ku Mzuzu. Amene anatenga mfutiyo Lachinayi ndi mlamu wawo, a Henderson, akuti anyani akuwononga nthochi kumunda. Lachisanu amayi opita kukatola nkhuni anapeza munthu atafa m'kanjira kotsikira kumtsinje wa Songwe, bala lili pachifuwa. Ndi bambo wina wa kutsidya ku Tanzania amene ankagula khofi mobisa. Mwezi watha ndinawaona akukangana ndi a Henderson pachipata pathu.

Ndikuyang'anabe kansalu kaja, ndinamva munthu akutsokomola pakhomo. Anali a Henderson. Anandipatsa moni wa Chitumbuka akumwetulira, n'kundifunsa ngati mankhwala akukwanira. Kenaka anakhala pathumba la khofi nati nditsuke mpaka muwale, iwo sakufulumira. Ndinatsuka, achemwali. Ndikanatani? Pochoka anati mfutiyo aliyense akudziwa kuti amaigwira ndi Esau, ndipo mlendo ngati ine kuno akhale ndi pakamwa pachete. Anafunsanso ngati mkazi wanga Emelda akadatunga madzi kuchitsime cha kumunsi yekhayekha.

Kansalu koyamba kaja sanakaone. Ndinakaponda ndi phazi, ndipo tsopano kali m'nsapato yanga. Kaya apolisi angaonepo kanthu, sindikudziwa.

Pempho langa ndi limodzi. Emelda akwera galimoto ya makala mawa, ndipo kalatayi abweretsa ndi iyeyo. Mumulandire, akhale kwanu mpaka achire, chifukwa pakati pake pakula. Mayi muwauze kuti wabwera kudzachirira kumudzi, zinazi asamve. Emelda akangodutsa pamphambano ya Kapoka, ine ndiyamba ulendo wapansi kupita kupolisi kuboma ku Chitipa, osadzera mumsewu. Ndikakhala chete, tsiku lina adzaloza ine. Ndikayankhula, sindikudziwa ngati ndidzagonenso m'nyumba ino. Ndasankha kuyankhula.

Mukaona mwezi watha osamva za ine, atsibweni abwere adzafunse kuboma, asafike ku Misuku.

Moni kwa mayi, alamu, atsibweni ndi ana onse. Mundikumbukire m'mapemphero.

Ndine mlongo wanu,
Esau